Hamonika ndi kusiyana maganizo pa kaimbidwe kakale ndi kamakono

Hamonika ndi chida choimbira chaching'ono zedi, choti munthu amachiponya m'thumba la malaya n'kuiwala kuti ali nacho, koma pakati pa anthu amene amachiimba pali kusiyana maganizo kumene kwatha zaka zambiri osazilala. Mbali ina kuli amene amati hamonika iyenera kulira monga momwe ankailizira akatswiri a nyimbo za blues a ku Chicago m'zaka za m'ma 1950, ndi liwu lonenepa, lobuula, manoti ochepa koma ofika pamtima. Mbali inayo kuli amene amati chidachi chakhala nthawi yaitali chitamangiriridwa ku nyimbo za mtundu umodzi, ndipo munthu waluso ayenera kutulutsamo noti iliyonse imene ili pa piyano kuti aimbe jazi, nyimbo za kutchalitchi, ngakhalenso nyimbo za makolo ake. Kuno ku Mzuzu oimba hamonika si ambiri, ndipo wachinyamata amene wachikonda chidachi nthawi zambiri amaphunzira poonera makanema a pa YouTube, kumene mphunzitsi wina amanena izi, wina n'kubwera ndi zotsutsana nazo. Wophunzirayo amatsala ali kakasi, osadziwa kuti akuluakulu awiriwo akusiyana chifukwa aliyense akutchera khutu ku chinthu chake, komanso chifukwa chidacho chinapangidwa mwa njira yoti sichingapereke zonse nthawi imodzi.

Kuti nkhaniyi imveke bwino tiyenera kuyamba tatsegula chidacho. Hamonika imene anthu ambiri amaidziwa ili ndi mabowo 10, ndipo kuseri kwa bowo lililonse kuli timalilime tiwiri tachitsulo, topyapyala kwambiri, tokhomeredwa mbali imodzi pomwe mbali inayo ili yomasuka. Kalilime koyamba kamalira munthu akauzira mpweya, kachiwiri kamalira akaukoka. Amene anagwirapo kalimba amadziwa kale mfundo yake, yakuti lilime lalitali limatulutsa mawu a pansi pomwe lalifupi limatulutsa mawu okwera. Kusiyana n'kwakuti pa kalimba chala ndicho chimagwedeza lilime, pa hamonika ndi mpweya. Zida za timalilime zoterezi zinalipo ku China kalekale, monga chida chotchedwa sheng, koma hamonika yeniyeniyo inayamba kuoneka m'maiko olankhula Chijeremani m'zaka za m'ma 1820. Kampani ya Seydel inayamba ntchito ku Klingenthal mu 1847, ndipo Matthias Hohner, yemwe poyamba ankapanga mawotchi, anatsegula yake ku Trossingen mu 1857. A Hohner ndiwo anasefukiritsa chidachi ku America, ndipo mtundu wawo wa Marine Band, umene unatuluka mu 1896, akuupangabe mpaka lero.

Kwa ife amene tinakulira m'makwaya a do re mi, kasanjidwe ka manoti ake n'kosavuta kukamva. Pouzira kuyambira bowo loyamba mpaka la khumi mumatuluka do, mi, so, do, mi, so, do, mi, so, do. Pokoka mumatuluka re, so, ti, re, fa, la, ti, re, fa, la. Mukayang'anitsitsa muona kuti sikelo yathunthu ili pa mabowo 4 mpaka 7 okha, kuti kumunsi kulibe fa ndi la, kuti kumtunda kukusowa ti, komanso kuti so wakumunsi alipo kawiri, pokoka bowo 2 ndi pouzira bowo 3. Mnyamata wa ku Chibavi amene wagula hamonika yake yoyamba n'kuyesa nyimbo ya m'buku la kutchalitchi amayenda bwinobwino pakatipo, koma nyimbo ikangotsikira kumunsi amapeza kuti noti ina palibe, ndipo amayamba kudandaula kuti amugulitsa chinthu chowonongeka. Sichinawonongeke ayi. Kasanjidweka, kamene kamadziwika ndi dzina la Richter, anakakonzera nyimbo zovina za kumidzi ya ku Germany: mabowo akumunsi anali oti azipereka manoti atatu kapena anayi olira pamodzi, amene oimba amawatcha makodi, kuti aziperekeza nyimbo imene ikuimbidwa pa mabowo apakati. Munthu mmodzi ankakhala woimba komanso wodziperekeza yekha.

Chimene lero chimatchedwa kaimbidwe kachikhalidwe chinabadwa pamene chidachi chinafika m'manja mwa anthu akuda a kummwera kwa United States. Chinali chotsika mtengo, chosavuta kunyamula, ndipo iwo anachimva ndi makutu awo, osati ndi makutu a amene anachipanga. Anasiya kutenga do wouzira ngati kwawo kwa nyimbo, n'kutenga so wokoka wa pa bowo 2, kutanthauza kuti hamonika yolembedwa C ankaiimbira nyimbo ya mu kiyi ya G. Kachitidweka, kamene oimba amakatcha cross harp, kanachititsa kuti manoti ofunika kwambiri akhale okoka, ndipo manoti okoka akumunsiwo ndi amene amatheka kupindidwa. DeFord Bailey, amene ankamveka pa wailesi mu pulogalamu ya Grand Ole Opry kuyambira m'zaka za m'ma 1920, anatchuka ndi kutsanzira sitima ya pamtunda ndi chidachi. Sonny Terry ankasakaniza kulira kwa hamonika ndi mfuu ya pakamwa pake, ndipo John Lee Williamson, amene ankadziwika kuti Sonny Boy, kuyambira mu 1937 anajambula nyimbo zimene zinaonetsa kuti hamonika ingathe kutsogolera gulu lonse, n'kumayankha mawu a woimba monga amachitira mnzake wopolokoza.

Kupinda noti ndiko mtima wa kaimbidwe konseka, ndipo n'koyenera kukuona pafupi. Tengani bowo 3 pa hamonika ya C. Kalilime kouzira ndi G, kokoka ndi B, ndipo pakati pa tiwiriti pali manoti atatu amene wopanga sanaikemo. Woimba akukoka mpweya, amakweza kumbuyo kwa lilime lake kufupi ndi m'kamwa mwa kumwamba, ngati akufuna kutchula "ku", kenako n'kulibweza pang'onopang'ono chakukhosi. Malo a mpweya m'kamwamo akamasintha, liwu limayamba kutsetsereka kuchoka pa B kupita pa B flat, kenako A, mpaka A flat, ndipo panthawiyi kalilime kouzira kaja, kamene kanayenera kukhala chete, kamayamba kunjenjemera nako mpaka kukhala kamene kakunyamula liwulo. N'chifukwa chake noti imapindika mpaka kufupi ndi kalilime kanzake basi, osapitirira. Bowo 2 limapereka manoti awiri obisika, mabowo 1, 4 ndi 6 imodzi imodzi, pomwe bowo 5 silipereka noti yathunthu chifukwa mi ndi fa n'zoyandikana kale. Si mphamvu ya mapapo imene imachita zimenezi, ndipo wokoka mwankhanza amangotopetsa timalilime n'kuwononga chida chake. Chimene okonda blues amachifuna kwambiri pa bowo 3 ndi malo a pakati pa B ndi B flat, liwu limene pa kiyibodi palibe, lomwe limamveka ngati munthu akudandaula mosatsegula pakamwa.

Munthu amene anaika chidindo pa kaimbidwe ka ku Chicago ndi Little Walter, amene anabadwira ku Louisiana mu 1930 n'kumwalira mu 1968. Poimba m'gulu la Muddy Waters, pakati pa magitala amagetsi ndi ng'oma, hamonika yake inkamira m'phokoso. Iye ankafumbata maikolofoni yaing'ono pamodzi ndi hamonikayo m'manja, n'kutseka mipata yonse ya zala kuti mpweya usathawe, kenako n'kulumikiza ku ampulifaya imene ankaikweza mpaka liwu kuyamba kusasa. Ena amene anayamba iye asanabwere ankagwiritsa ntchito maikolofoni pofuna kungomveka patali, koma iye anasandutsa kusasako kukhala mbali ya nyimboyo, ndipo hamonika inayamba kulira ngati saxophone. Nyimbo yake yopanda mawu yotchedwa Juke inafika pa nambala wani pa mndandanda wa nyimbo za R&B wa magazini ya Billboard mu 1952. Mpaka lero otsatira njirayi amasakasaka maikolofoni akale monga Astatic JT-30 ndi Green Bullet ya kampani ya Shure, komanso maampulifaya a mababu monga Fender Bassman, pofuna liwu lomwelo.

Palinso nkhani ya kagwiridwe ka pakamwa. Ambiri mwa akatswiri akale ankalowetsa mabowo atatu kapena anayi m'kamwa, n'kutseka ena ndi lilime, kusiya limodzi la kumanja kuti lilire. Lilimelo likachoka n'kubwerera msanga, makodi amamveka kaye kenako n'kutsala noti imodzi, ndipo likatseka apakati okha kumalira manoti awiri a m'mbali, wina wapansi wina wokwera. Apa m'pamene pamachokera kunenepa kwa liwu ndi kugunda kumene kumavinitsa anthu ngakhale palibe ng'oma. Njira ina ndi yosongola milomo ngati woimba mluzu kuti mpweya ulowe m'bowo limodzi lokha. Imeneyi ndi yosavuta kuiphunzira, imapereka manoti oyera, ndipo ambiri mwa oimba amakono anayambira pamenepa, ngakhale alipo odziwa zonse ziwiri.

Koma ngakhale munthu atapinda manoti onse opindika, pamatsalabe ena osapezeka, ndipo apa m'pamene a kaimbidwe kamakono amayambira. Yankho loyamba linali kupanga chida china, hamonika ya chromatic, imene ili ndi kabatani pambali kokweza noti iliyonse ndi semitoni imodzi, kutanthauza kampata kakang'ono ngati ka pakati pa mi ndi fa. Ndi imene ankaimba Larry Adler, Toots Thielemans wa ku Belgium amene anamwalira mu 2016, komanso imene Stevie Wonder amadziwika nayo. Liwu lake ndi losalala ndipo silipindika mozama ngati la hamonika yaing'ono ija. Yankho lachiwiri linabwera ndi Howard Levy, amene anabadwa mu 1951 ndipo anayamba ndi piyano. Kwa munthu wozolowera piyano, noti yosowa ndi chinthu chosapiririka, ndipo cha m'ma 1970 iye anapeza njira yotulutsira manoti otsalawo pa hamonika wamba ya mabowo 10, imene anaitcha overblow. Woimba amauzira bowo, mwachitsanzo la 6, atakonza m'kamwa mwake mwa njira yoti kalilime kouzira katsamwe n'kusiya kulira, ndipo mpweya womwewo umayamba kugwedeza kalilime kokoka, kamene kamatulutsa noti yokwera ndi semitoni imodzi kuposa yake ya masiku onse. Pa hamonika ya C, bowo 6 limapereka B flat, bowo 5 F sharp, bowo 4 E flat, ndipo pa mabowo akumtunda zofananazo zimachitika pokoka. Zonsezi zikaphatikizidwa ndi kupinda, kachida kamene kanali ndi manoti 19 kamakhala ndi manoti onse a piyano kuchokera pa do wakumunsi mpaka wakumtunda. Levy anaonetsa zimenezi kudziko lonse m'gulu la Béla Fleck and the Flecktones, limene linayamba mu 1988, ndipo pambuyo pake anabwera ena monga Carlos del Junco ndi Jason Ricci. Mbali ina, John Popper wa gulu la Blues Traveler anatchuka ndi liwiro loopsa pa mabowo akumtunda, amene akale sankawapitako kawirikawiri.

Overblow siituluka bwino pa chida chimene changochoka m'sitolo. Woimba amamasula zivindikiro, n'kutenga kachitsulo kopyapyala, n'kumakankha kalilime kalikonse pang'ono kwambiri kuti mpata wa pakati pa nsonga yake ndi chitsulo chimene kakhomeredwapo uchepe. Akachepetsa kwambiri, kalilimeko kamatsamwa pamene akufuna kuimba mwamphamvu. Akasiya mpata waukulu, overblow imakana kapena imatuluka ndi kaphokoso kolira tswii. Choncho chida chokonzedwera woimba wamakono chimafuna mpweya wofatsa, ndipo munthu wozolowera kugunda makodi mwamphamvu chingamukhumudwitse.

Kusiyana kwina kuli pa katchunidwe, ndipo oimba kwaya angakumve msanga. Kwaya ikamaimba popanda kiyibodi, a mawu a mi amatsitsa liwu lawo pang'ono mosadziwa n'komwe, mpaka ligwirizane ndi do ndi so popanda kugwedezeka kulikonse. Kiyibodi sitero, chifukwa inagawa masemitoni onse 12 mofanana kuti kiyi iliyonse itheke, ndipo mi wake ndi wokwera ndi magawo pafupifupi 14 pa magawo 100 a semitoni kuyerekeza ndi mi wa kwaya uja. Ma Marine Band akale ankawatchuna motsatira khutu la kwaya, n'chifukwa chake makodi a m'nyimbo zakale za blues amamveka okhuthala ndi odekha. Koma noti imodziimodzi ya chida choterocho, makamaka fa wa pa bowo 5, imamveka yotsika ikaimbidwa pambali pa kiyibodi. Woimba wamakono, amene amayenda m'makiyi ambiri ndi noti imodziimodzi, amasankha chida chotchunidwa ngati piyano, monga Golden Melody ya Hohner, ndipo amalipira ndi makodi okhakhala. Makampani ambiri lero amatchuna pakatikati, koma palibe katchunidwe kamene kamakhutiritsa mbali zonse ziwiri kotheratu.

Zikatere n'zosadabwitsa kuti magulu awiriwa amanenana. Okonda zakale amati amakono amathamanga ndi manoti ambirimbiri opanda nkhani, kuti liwu lawo ndi lopyapyala, ndiponso kuti overblow nthawi zambiri imamveka yofinyika ndi yosalongosoka. Amakono amati anzawowo akungobwereza zimene zinajambulidwa zaka 70 zapitazo, mpaka kutsanzira ndi zolakwika zomwe. Ine ndimaona kuti madandaulo onse awiri ali ndi choona chake, koma mzere umene anthu amaulemba pakati pa zakale ndi zamakono suli pamalo pake. Little Walter m'nthawi yake anali wamakono woopsa: ankamvetsera oimba saxophone a jazi, ankaimbanso hamonika ya chromatic, ndipo ankachita ndi ampulifaya zimene opanga ake ankaziona ngati kuwononga. Kupinda noti nakonso kunali kuphwanya cholinga cha amisiri a ku Trossingen. Ndipo overblow si yachilendo monga ambiri amaganizira, popeza imamveka kale m'nyimbo imene woimba wina wotchedwa Blues Birdhead anajambula mu 1929, Juke isanabadwe ndi zaka zoposa 20. Chimene Levy anachita n'kuisandutsa njira yathunthu yoimbira.

Ife a kuno sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi, chifukwa zinachitikanso pakhomo pathu. Oimba kwela, kuyambira ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950 mpaka kwa Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, anatenga chitoliro chachitsulo cha ku Ulaya n'kumachilowetsa m'kati mwa kamwa mopendeketsa, kuti liwu linenepe ndi kutsetsereka mwa njira imene wopanga sanaiganizire, ndipo lero timati imeneyo ndi nyimbo yathu yakale. Wambali Mkandawire, amene anatisiya mu 2021, anaika nyimbo za Chitumbuka pamodzi ndi makodi a jazi, ndipo zinakhala zakwathu ndithu. Palinso china chimene chimandichititsa kukhulupirira kuti khutu la kumpoto kuno lili pafupi ndi liwu la ku Chicago kuposa momwe timaganizira. Zikho zimene amaimbira malipenga ku Nkhata Bay amazimata kachikuto kopyapyala pa bowo kuti mawu azituluka akunjenjemera ndi kusasa, ndipo pa kalimba anthu amamangirira tizitsulo kuti tizichita phokoso pamodzi ndi nyimbo. Kusasa kumene wophunzira nyimbo za ku Ulaya angakuone ngati litsiro, kwa ife ndi mbali ya kukoma kwa nyimbo. Komabe khutu lomwelo linaleredwanso ndi kwaya ya mawu anayi, imene imafuna noti iliyonse ikhale pamalo pake, ndipo munthu amene akufuna kuimba nyimbo ya m'buku yonse osadumpha fa kapena la adzakokeredwa ku njira yamakono. Kukonda kwa munthu kumatsatira zimene anakula akumva ndi ntchito imene akufuna chidacho chimugwirire.

Pamene ndimaima ine ndi pa dongosolo la kaphunziridwe. Wophunzira amene wathamangira overblow asanadziwe kupuma ndi mimba, asanathe kugwira bowo 2 lokoka kuti lilire mokhuthala, ndiponso asanathe kuimitsa manoti atatu a bowo 3 aliyense pamalo pake, amakhala ndi manoti ambiri osamveka bwino, chifukwa overblow imadalira ulamuliro womwewo wa lilime ndi kukhosi umene kupinda kumaphunzitsa. Mofananamo, amene waphunzira kupinda n'kukana kupitirira apo chifukwa choti akuluakulu a ku Chicago sankatero, adzasowa chochita tsiku limene gulu lake lidzaimbe nyimbo ya Afro jazz yosinthasintha makodi.

Nkhani ya m'thumba nayo imalowapo. Woimba wa njira yakale amafunika hamonika zingapo, chifukwa kiyi iliyonse imafuna yake: gitala ikakhala mu G iye amatulutsa ya C, ikakhala mu E amatulutsa ya A, mu A ya D, mu D ya G. Wamakono angathe kuimba makiyi onse 12 pa chida chimodzi, zimene zimamveka zokopa kumalo kumene hamonika yabwino imachita kuitanitsidwa kunja, koma chida chimodzicho chiyenera kukhala chosataya mpweya ndi chokonzedwa mosamala, ndipo ngakhale akatswiri a overblow ambiri amayendabe ndi zingapo chifukwa kiyi iliyonse ili ndi malo amene imakoma. Zotchipa za m'misika zimataya mpweya m'mbali, ndipo zimagwetsa ulesi wophunzira wa njira iliyonse.

Nyengo ya ku Mzuzu ilinso ndi mawu ake pa kasankhidwe ka chida. Marine Band yachikale ili ndi kathabwa pakati, kamene kamafufuma kakamwa chinyezi cha mpweya ndi malovu, n'kuyamba kukala milomo, ndipo m'miyezi ya mvula yaitali ya kuno sikauma msanga. Mitundu ya pulasitiki pakati, monga Special 20 kapena ya Lee Oskar, ilibe vuto limeneli, ndipo ndi imene ndingalangize woyamba kumene, ngakhale okonda zakale ena amalumbira kuti thabwa lili ndi liwu lake. Hamonika ya chromatic ili ndi timapepala tapulasitiki totseka mipata ya timalilime, ndipo m'mawa wa mu June kapena July, kukazizira monga kumachitira ku Luwinga ndi ku Katoto, mpweya wofunda ukakumana ndi chitsulo chozizira timapepalato timanyowa n'kumamatira, noti n'kuchedwa kutuluka. Oimba amachifunditsa kaye m'manja kapena m'thumba la mkati mwa jekete kwa mphindi zingapo, ndipo akamaliza kuimba amachigogoda pang'ono pachikhatho, mabowo atayang'ana pansi, n'kuchisiya pamphepo kuti chiume asanachibwezere m'bokosi.